Dzina Limene Ndinatchula Lachinayi

Anabwera Lachiwiri m'mawa, nthawi itangopitirira 9 koloko. Ndinali m'kalasi ya sitandade 5, ndikulemba masamu pabolodi, pamene ahedi anagogoda pachitseko chimene chinali chotsegula kale. Kumbuyo kwawo kunali anthu awiri: bambo wovala zawamba, malaya oyera a manja aatali, ndi mayi wa yunifolomu ya apolisi.

"Madamu, akukufunani pang'ono," anatero ahedi, maso ali pansi.

Ndinauza ana kuti amalize masamu atatu otsalawo ndisanabwere. Choko ndinatuluka nacho. Anachipeza m'thumba la diresi langa pondisecha, n'kuchilemba pamndandanda wa katundu wanga pamodzi ndi foni, nsapato ndi mphete.

Sukulu yathu ili kumidzi ya ku Njombwa. Sinditchula dzina lake, ndipo sinditchula munthu aliyense m'nkhani ino.

Ndinapempha kuti tidzere kunyumba. Mwana wanga wamkazi anali ndi miyezi khumi ndi umodzi, akuyamwabe, ndipo ndikakhala kusukulu ankatsala ndi mng'ono wanga. Bambo ake amagwira ntchito ku Lilongwe.

"Palibe chifukwa, madamu," anatero bambo wa malaya oyera uja. "Ndi mafunso awiri atatu basi. Muyamwitsa masana ano."

Inali nyengo yothyola fodya. M'njira monse anthu anali ataweramira m'minda, ena atasenza mitolo ya masamba kupita nayo kuzigafa. Tinadutsa pa esiteti ina yaikulu pamene mabani owotchera fodya ankafuka utsi, nkhuni zitaunjikidwa pambali mpaka kulekeza kudenga. Wapolisi wamkazi uja anayang'ana utsiwo, kenako anayang'ana ine. Apo m'pamene ndinadziwa chimene anandidzera.

Lachisanu la sabata yapitayo tinali ndi mwambo wobzala mitengo pasukulu. Ine ndi amene ndinkayang'anira kalabu ya zachilengedwe, choncho ahedi anandiuza kuti ndikonze kasewero ka ana. Mlendo wolemekezeka anali mwini esiteti ija, munthu waudindo m'chipani, wodziwana ndi akuluakulu. Anatibweretsera mbande za mitengo m'machubu. Phiri la kuseri kwa sukulu, kumene ana ankatola masuku nditangofika kumene kuderali, linali litayera, ndipo mitengo yake inathera m'mabani a mlendo wathuyo. Panalibe amene sankadziwa zimenezi.

Kaseweroko sindinakapeke ndekha. Ndinakatenga m'katuni imene ndinaonera ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Ndinakulira ku Nkhamenya. Masiku amenewo kunyumba kwa munthu wamba kunalibe kanema. Loweruka masana, tikatha katekisimu, ankatilowetsa m'holo ya tchalitchi, n'kutchinga mazenera ndi zitenje, n'kuliza jenereta, n'kutionetsa matepi a vidiyo ochokera kunja. Tepi imene tinkaikonda kwambiri inali ya makatuni a nyama zam'nkhalango. Munali chimunthu chamimba yaikulu, chovala chipewa chachitali, chimene chinali ndi fakitale ya chumuni. Tsiku ndi tsiku chinkadula mitengo n'kumaponya m'ng'anjo, utsi n'kudzaza nkhalango yonse. Nungu, anyani ndi kadzidzi wina wovala magalasi ankayesetsa kuchiletsa.

Makatuniwo ankayankhula Chingerezi chothamanga, cha m'mphuno, choti panalibe mwana wochimva. Ndiye mphunzitsi wathu wa sitandade 3, bambo wamtali wowonda, ankaima pambali pa kanemayo n'kumamasulira. Akamayankhula nungu, iwo ankachepetsa mawu. Chikamayankhula chimunthu chija, ankatulutsa mimba imene analibe n'kumayankhulira pakhosi. Ndi iwo amene anachipatsa dzina loti Bwana Chiutsi.

Pali malo ena m'katunimo pamene nyama zonse zasonkhana, zikutsokomola, Bwana Chiutsi ataima pachitsa. Aphunzitsi ankamasulira kuti: "Nyama zanga zokondedwa, uwu si utsi. Ichi ndi chitukuko. Amene akutsokomola ndi wotsutsa boma." Ife ana tinkaseka nkhope ya nyani wina amene ankayesa kumeza chifuwa chake. Koma kumbuyo kwa holo kunkakhala akuluakulu ochepa, makolo ena ndi matenanti a m'maesiteti, ndipo iwo ankaseka mwamtundu wina, chapansipansi, ena atagwira pakamwa. Onsewo anakulira nthawi imene munthu ankatha kusowa chifukwa cha mawu amodzi. Zimenezo ndinazimvetsa nditakula. Panthawiyo ndinkangoti akuluakulu nawonso amakonda anyani.

Mawu amenewo ndinawaika m'kasewero kathu osasintha ngakhale amodzi. Ana anavala nkhope za nyama zimene tinadula m'makatoni, ndipo amene anali Chiutsi ndinamuveka chipewa. Kwa apolisi ndinanena kuti sindinkadziwa zoti mlendo wathu amakonda chipewa chotero. Ndinanama. Ndinkadziwa, ndipo ndinkafuna kuti anthu aseke. Anasekadi. Ana atatsokomola onse pamodzi, bwalo lonse linafa ndi phwete, ndipo ine ndinamva kukoma. Mlendoyo ananyamuka osabzala mtengo wake. Wina anajambula zonsezo pafoni, ndipo pofika Lamulungu mwamuna wanga anali ataziona ku Lilongwe.

Ananditengera kupolisi ina imene sindiitchula. Chitolokosi cha amayi chinali kachipinda ka zenera limodzi laling'ono kumwamba, ndi ndowa pakona. Ndinapezamo amayi anayi. Mmodzi wa iwo, wachikulire, anamugwira ndi matumba awiri a makala. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi anga opanda nsapato.

"Inu mwalakwa chiyani, poti mwatchena chonchi?"

Ndinawafotokozera mwachidule. Anaganiza kaye.

"Ndiye kuti ine andigwira chifukwa chodula mitengo, inu chifukwa choletsa kudula mitengo," anatero. "Sunthirani kuno, apa ndi pouma."

Anandiitana 3 koloko masana. M'chipinda chofunsira munali tebulo, mipando iwiri ndi wotchi yapakhoma. Bambo wa malaya oyera uja anandiuza mlandu wanga: kuchita zinthu zoti zikanatha kusokoneza mtendere. Kenako anaika foni yake patebulo n'kundionetsa kasewero kathu katatu konse. Ulendo uliwonse ankaimitsa pamalo amodzimodzi.

"Mawu awa, akuti wotsutsa boma. Analemba ndani?"

"Ndinawamva m'katuni, ndili mwana."

"Katuni." Sanaseke. "Madamu, ine ndili ndi ana anayi. Makatuni amalira kunyumba kwanga kuyambira m'mawa. Sindinamvepo nyani akukamba za boma. Wakutumani ndani?"

"Palibe amene wandituma."

"Mphunzitsi wa pulaimale sangangodzuka n'kunyoza munthu wamkulu chonchi. Pali wina kumbuyo kwanu."

"Palibe, bwana."

"Chabwino. Kaganizeni bwino."

Pofika Lachitatu m'mawa mawere anga anali atalimba ngati miyala, mkaka ukudontha n'kunyowetsa diresi. Mayi wa makala uja anavula chitenje chake chapamwamba n'kunditchinga nacho pakona, nandiuza mmene ndingafinyire kuti asatupe. Mkakawo unapita m'ndowa ija. Masana mng'ono wanga anabwera ndi chakudya, mwana ali kumsana. Chakudya analandira, koma mwana anati malamulo salola. Pazenera paja ndinamva mwana akulira kwa nthawi yaitali ndithu. Sindikudziwa ngati anali wangayo. Kupolisi kumabwera ana ambiri.

Tsiku limenelo anandifunsa maola awiri, mafunso omwe aja. Apa ndiyenera kulemba mosabisa. Palibe amene anandimenya. Palibe amene anandikalipira kapena kunditukwana. Nditapempha madzi, bamboyo anandipatsa m'kapu yake yomwe. Ndamva zimene ena anakumana nazo m'zipinda zotere, kale ndi lero lomwe, ndipo zimenezo sizinandichitikire ine.

Lachinayi anandiitana m'mawa. Patebulo panali fayilo yopyapyala yolembedwa dzina langa. Bamboyo ankaoneka wotopa, ngati munthu amene nayenso akufuna nkhaniyo ithe.

"Lamulo limati tikutengereni kukhoti pasanathe masiku awiri," anatero. "Mukuona nokha kuti masiku awiriwo atha. Ndikuuzeni zoona, madamu. Akuluakulu sakufuna mphunzitsi wa sitandade 5. Akufuna kudziwa gwero. Fayilo iyi ikapita ili ndi dzina lanu lokha, belo musaiyembekezere. Mupita ku rimandi, ndipo kuntchito akuimitsani. Mwana ali ndi miyezi ingati?"

"Khumi ndi umodzi."

"Ndiye kuti mudzamupeza akuyenda."

Anatsegula fayiloyo, n'kuchotsa chivindikiro cha cholembera, n'kudikira.

"Katuniyo inali ya Chingerezi," ndinatero. "Anatimasulira ndi aphunzitsi athu."

"Aphunzitsi ati?"

Ndikukumbukira zimene ndinkadziuza mumtima. Ndinati papita zaka zoposa makumi awiri. Ndinati bambo aja anapuma ntchito kalekale, ndipo palibe wapolisi amene angawononge mafuta a galimoto kukatenga nkhalamba chifukwa cha katuni. Ndinati akamva zimenezi aona okha kuti nkhaniyi ndi yopanda mutu. Zonsezi ndinaziganiza, koma pansi pake ndinkadziwa kuti munthuyo wandiuza kale chimene akufuna, ndipo ndinali nacho.

Ndinatchula dzina lawo. Anandifunsa mudzi, ndinautchula. Kenako ndinafotokoza njira: mukafika pachigayo mukhotere kumanzere, nyumba yachitatu, ya khonde lofiira. Zimenezo sanandifunse n'komwe.

"Munaonana nawo liti komaliza?"

Tinakumana pamaliro mwezi wa Khirisimasi. Anandifunsa za ntchito, ndinawauza za kalabu yathu, ndipo anati, "Pitiriza, mwana wanga, ana amamva msanga kuposa ife." Ndinanenanso zimenezo. Bamboyo analemba kwa kanthawi, kenako anatembenuzira pepalalo kwa ine. Panalembedwa kuti mphunzitsi wopumayo ndi amene anandiphunzitsa mawuwo, ndiponso kuti posachedwapa anandilimbikitsa kuchita seweroli. Ndine mphunzitsi, ndimatha kuwerenga. Ndinawerenga kawiri, n'kusaina. Wotchi yapakhoma inali pa 11:20.

Nditabwerera m'chitolokosi mayi wa makala anandifunsa kuti zayenda bwanji. Ndinati zikuoneka kuti nditulutsidwa. Anandigwira dzanja nati Mulungu ndi wamkulu.

Lachisanu cha m'ma 10 koloko ananditulutsa kuti ndikasaine pepala la belo pakauntala. Aphunzitsi anga ndinawapeza pamenepo. Anali atafupika kusiyana ndi mmene ndinkawadziwira. Anali atavala jekete ndi tayi, monga amavalira munthu wachikulire akaitanidwa ndi boma. Wapolisi wina ankalemba katundu wawo. Nsapato anali atavula kale, n'kuziika moyandikana bwinobwino, ndipo lamba atachotsa, thalauza anaigwirira ndi dzanja limodzi. Atandiona nkhope yawo inasintha.

"Mwana wanga, nawenso uli kuno? Akuvutitsa?"

Anali asanadziwe.

"Ndili bwino, aphunzitsi," ndinayankha.

Ndinalandira foni, mphete, nsapato ndi choko changa, n'kutuluka. Mng'ono wanga anali panja ndi mwana. Poyamba mwanayo anakana bere, anangondiyang'ana, kenako analigwira ndi manja onse awiri. Ndinamuyamwitsa nditakhala pansi pa mtengo wa kesha, kufupi ndi khoma la chitolokosi cha abambo.

Aphunzitsi anakhalamo masiku asanu ndi anayi. Amadwala matenda a shuga. Mankhwala awo anatsala kunyumba, ndipo akazi awo anafika nawo Lamulungu. Aphunzitsiwo anatulutsidwa atakomoka, abusa ndi ansembe a m'deralo atapita kukawadandaulira. Mlandu wathu sunafike kukhoti. Palibe amene anatiuza kuti watha, unangosiya kutchulidwa. Ine ndinabwerera kuntchito Lolemba. Ahedi anandiuza kuti kalabu ya zachilengedwe iima kaye, ndipo sindinatsutse.

Panapita masabata asanu ndisanapite ku Nkhamenya. Loweruka lililonse ndinkapeza chifukwa: mvula, mayeso a ana, chifuwa cha mwana. Loweruka lachisanu ndi chimodzi ndinakwera minibasi. Ndinagula buledi, sopo ndi paketi ya shuga monga timachitira pokaona akuluakulu. Ndinakumbukira za matenda awo ndili kale pachigayo paja, ndipo ndinalibe koika shugayo.

Akazi awo anandilandira jumbo ya katunduyo, anayala mphasa pakhonde, anandilonjera mwaulemu wonse, mpaka kufunsa za mwana ndi bambo ake. Atatha anazungulira kuseri kwa nyumba, ndipo sanabwerenso mpaka ndinachoka.

Aphunzitsi anali pampando wa ndalema, phazi lamanzere litakulungidwa bandeji, litatsamira pa kampando kena. Chilondacho chinayambira m'chitolokosi, pamene wina anawaponda mumdima wa m'katimo, ndipo sichinkapola. Ndinagwada pamphasa.

"Aphunzitsi, dzina lanu ndinatchula ndine."

"Ndikudziwa," anatero. "Anandionetsa pepala lako. Pamene unasaina paja, zilembo zako zikadali zopendekera kumanzere. Ndinalimbana nazo chaka chathunthu."

Ndinali nditakonza mawu ambiri m'minibasi. Ndinkafuna kunena za mwana, za mkaka, za rimandi. Nditaona phazilo sindinathe kutchula chilichonse mwa zimenezo. Ndinangoti ndalakwa, ndipo ndinabwereza. Iwo anayang'ana kumunda kwa oyandikana nawo, kumene anthu ankazula mapesi a fodya. Patapita nthawi ndinafunsa chinthu chimene chinkandivutitsa chitulukireni.

"Kodi katuni ija inkanenadi mawu amenewo?"

Anaseka pang'ono.

"Sindikudziwa. Chingerezi cha m'mphuno chija inenso sindinkachimva. Mwina chimunthu chija chinkakamba za tiyi. Ine ndinkangoyang'ana zithunzi n'kumanena zimene zinali mumtima mwanga."

Anasuntha phazi lija ndi manja awiri, n'kupitiriza.

"Achimwene anga anatengedwa ine ndili mnyamata. Anali kalaliki pa esiteti, ndipo ananena pamsonkhano kuti matenanti akugona ndi njala. Sanabwerere. Ine ndinaphunzira ntchito, ndinakwatira, ndinaimba nyimbo zonse zimene ankatiuza kuti tiimbe. Zinthu zitasintha anthu anayamba kuyankhula m'misewu, koma ine mantha sanandichoke. Ndiye ndinkayankhulira m'kamwa mwa zidole, kwa ana aang'ono, m'holo yotchinga mazenera. Ndinkadziona ngati wolimba mtima. Sindinaganizepo kuti mwana wina adzawasunga mawuwo n'kukawanena masana, mwini wake ali pomwepo."

"Munawauza chiyani apolisi?"

"Ndinawauza kuti mawuwo ndi anga. Zoti ndinakutuma ndinakana, poti si zoona. Koma mawuwo ndinati ndi anga, ndipo ndinawanenanso pamaso pawo, ndi mawu a pakhosi aja. Mmodzi anatuluka panja kukaseka."

Kuseri kunkamveka akazi awo akusesa malo amodzimodzi.

"Ndikufunse chinthu chimodzi, mwana wanga," anatero. "Anakumenya?"

Ndikanatha kunama. Palibe amene akanandigwira bodza.

"Ayi, aphunzitsi."

"Ngakhale pang'ono?"

"Ayi. Sanandikhudze."

Anapumira m'mwamba, n'kutsamira kumbuyo.

"Chabwino," anatero. "Masiku onse aja m'katimo ndinkaopa kuti mwina anakumenya."

Ndinayang'ana nkhope yawo kufuna kupeza chitonzo, koma munalibe. Ananena zimene ankatanthauza. Ndikanakonda akanandithamangitsa pakhomopo.

M'nyengo yozizira ya chaka chomwecho anawadula zala ziwiri za kuphazi lija. Tsopano amayenda ndi ndodo, ndipo kutchalitchi amapita pa njinga ya kabaza. Ndimapitako ndikapeza mpata. Amandilandira, timakamba za sukulu ndi za mvula. Akazi awo amandiyalirabe mphasa.

Ine ndine mfulu. Ndimadzuka, ndimapita kuntchito, ndimalandira malipiro, palibe amene amanditsatira. Mwana wanga ndinamuona akuyamba kuyenda, pabwalo pa nyumba yathu, ndipo ndinasangalala. Sindinganame kuti sindinasangalale. Ndisanamangidwe ndinkaganiza kuti ufulu ndi kutha kunena chimene ukufuna anthu n'kuseka. Ndinkaganizanso kuti amene ankatchula anzawo masiku akale aja anali anthu amtundu wina, oipa chibadwire, kapena ozunzidwa mpaka kusokonezeka mutu. Ine zinanditengera masiku awiri okha, ndi munthu woyankhula mwaulemu.

Kuno ku Njombwa nkhani inafala mbali imodzi yokha. Anthu amadziwa kuti ndine mphunzitsi uja anamangidwa chifukwa cha mitengo. Mwezi wathawu, pamsika, bambo wina amene ndi tenanti pa esiteti ija anasiya njinga yake n'kubwera kudzandipatsa moni ndi manja awiri. Anayang'ana uku ndi uku, kenako anatsitsa mawu.

"Madamu, inu ndinu olimba mtima. Ife tonse timatsokomola, koma munanena ndinu."

Nthawi inalipo yoti ndimuuze. Panalibe wapolisi pafupi, panalibe fayilo, mwana wanga anali kunyumba akusewera. Ndinayang'ana manja ake akuda ndi utomoni wa fodya, ndipo ndinati, "Zikomo, bambo."

Ndinafika kunyumba n'kutenga kope la ana losalembamo. Zimene ndalembazi ndi zimene ndinayenera kumuyankha bambo uja.